Lipoti la nkhani: moto m'kamwa mwa mayi wa zaka 74 wovala mano oikirira

Chimene anabwerera

Mayi wa zaka 74 anatumizidwa kwa ife madokotala a mano ndi kalata yonena kuti mano awo oikirira akumtunda akugwa ndipo akufunika atsopano. Atakhala pampando, iwo eni anayamba ndi dandaulo lina. Anati m'kamwa mukuotcha, makamaka palilime ndi kumwamba kwa m'kamwa, ndipo motowo umakula tsiku likamapita kumadzulo. Unayamba miyezi pafupifupi 8 m'mbuyomo. Chakudya chouma chinkawakanirira pakhosi mpaka atatsitsira ndi madzi, ndipo akalankhula kwa kanthawi mano akumtunda ankalekana ndi nkhama n'kumagogoda. Mwana wawo amene anawaperekeza ankaganiza kuti mayi ake ali ndi malungo obisika, moti ankawayeza m'kamwa kawirikawiri kunyumba, koma chipangizo choyezera kutentha thupi chinkangoonetsa manambala otsika, nthawi zina osafika n'komwe madigiri 36.

Mano akumtunda anali athunthu, a akiriliki (pulasitiki wolimba wopangira mano) yekhayekha, ndipo anali atawavala zaka 11. Kumunsi anali ndi mano awoawo 6 akutsogolo, kuphatikiza oikirira a akiriliki okolekedwa ndi timawaya tachitsulo. Onsewo ankagona nawo. Ankawatsuka kamodzi patsiku ali m'kamwa momwemo, ndi mswachi ndi mankhwala wamba otsukira mano, ndipo mwa apo ndi apo ankawaviika m'madzi owira poganiza kuti akupha tizilombo. Pofuna kunyowetsa m'kamwa ankabwira maswiti ndi kumwa tiyi wa shuga pang'onopang'ono tsiku lonse. Usiku ankadzuka katatu kapena kanayi kukataya madzi, n'kumwanso ena.

Mankhwala amene ankamwa ndi awa: warfarin, woletsa magazi kuundana, chifukwa cha mtima wogunda mosalongosoka, hydrochlorothiazide wa 25 mg wa kuthamanga kwa magazi, ndi amitriptyline amene anayamba chaka chapitacho chifukwa cha kuotcha kwa mapazi, poyamba 25 mg kenaka 50 mg usiku uliwonse. Titafunsa za mankhwala ogula okha, m'pamene anatchula chlorpheniramine amene ankamwa masiku ambiri kuti agone. Fodya sasuta, sanawotchedwepo ndi makina a khansa kumutu kapena m'khosi, ndipo maso sankauma.

Zimene tinaona

Milomo inali youma, ndipo m'ngodya zonse ziwiri za pakamwa munali ming'alu yofiira, yonyowa, yokhala ndi tinkhanambo m'mbali. Kalilole woyezera atakhudza mkati mwa tsaya ankamatirira, ndipo pomuchotsa khungu linkatsatira pang'ono. Pansi pa lilime, pamene malovu amayenera kudikha, panalibe kanthu kupatula timathovu toyera tonanda. Lilime linali lofiira, losalala m'mbali ndi kunsonga, lokhala ndi ming'alu pakati.

Titachotsa mano akumtunda, khungu lonse limene limakhala pansi pake linali lofiira kwambiri, lotupirako, ndipo kufiirako kunathera ndendende pamene mano amathera, moti munthu akanatha kujambula manowo potsata mzerewo. Panalibe zotupa zonga njerenjere pakati pa thambo la m'kamwa, kumwamba kwa m'kamwa kuja. Malinga ndi magulu atatu amene Newton anafotokoza mu 1962, uku ndi kutupa kwa gulu lachiwiri: loyamba ndi timadontho tofiira apa ndi apo, lachiwiri ndi kufiira kwa malo onse okutidwa ndi mano, lachitatu ndi pamene khungu layamba kumera njerenjere. Kumbuyo pang'ono kwa mzerewo, pa khungu lofewa loyandikira kummero, panali kachilonda kakang'ono kosupuka kooneka ngati kakupsa, kosiyana ndi kufiira kwinako.

Mano oikirirawo mkati mwake munali nyansi zonanda zachikasu, ndipo akiriliki anali wokalakala, wodzaza timikwingwirima ta mswachi. Mano otafunira anali ataperepeseka. Mpata wa pakati pa mano akumtunda ndi akumunsi nsagwada zikapuma unali pafupifupi 7 mm, pamene woyenera umakhala pakati pa 2 ndi 4 mm. Ndiye kuti akatseka pakamwa nsagwada zinkapitirira, milomo n'kupindikira mkati, n'kupanga makwinya m'ngodya momwe munali ming'alu muja. Pa mano awoawo 6, atatu anali ataola m'tsinde, m'mphepete mwenimweni mwa nkhama.

Kutentha kwa m'kamwa

Popeza banjali linkakhulupirira kuti m'kamwa mwatenthadi, tinayeza mosamala. Mayiwo anakhala mphindi 20 osamwa kanthu, tinachotsa mano onse oikirira, tinaika nsonga ya chipangizo m'kathumba ka pansi pa lilime chakumbuyo, pambali pa kamtsempha kogwira lilime, milomo ili yotseka. Chinaonetsa madigiri 36.4. Kwa munthu wa zaka zimenezi palibe chodabwitsa, chifukwa okalamba kawirikawiri amakhala otsikirako poyerekeza ndi 36.8 amene amapezeka mwa akuluakulu ambiri. Manambala otsika a kunyumba aja ankabwera chifukwa cha kayezedwe. Munthu wouma m'kamwa amamwa madzi pafupipafupi, amapumira pakamwa, ndipo mano ogwedera amamulepheretsa kugwira chipangizo pamalo amodzi, moti nsonga imasunthira kutsogolo kumene kumazizirako. Izi n'zofunika kwa aliyense wosamalira okalamba, chifukwa kuyeza kotere kungathe kubisa kutentha thupi kwenikweni tsiku limene munthuyo wadwala chibayo.

Choncho moto umene ankamvawo sunali kutentha koti chipangizo n'kukupeza. Khungu la m'kamwa likasowa malovu limakhulana ndi lilime, mano ndi chakudya popanda choteteza, ndipo timitsempha take timanena kuti kwaotcha.

Komabe kutentha kuli ndi mbali yake pa nkhaniyi, ndipo mbaliyo ili pansi pa mano. Thambo la m'kamwa losakutidwa limasintha kutentha tsiku lonse: mpweya umaliziziritsa, chakumwa chimalitenthetsa kapena kuliziziritsa, lilime limalipukuta, malovu amalitsuka. Akiriliki salola kutentha kudutsa msanga. Mphamvu yake yodutsitsa kutentha ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi chitsulo cha cobalt-chromium chimene amapangira mano ena. Mpata wopyapyala wa pakati pa akiriliki ndi khungu umakhala wofunda mofanana usana ndi usiku, wachinyontho, wosafikako lilime, ndipo malovu atsopano amalowamo ochepa. Fangasi wa Candida albicans, amene anthu ambiri athanzi ali naye m'kamwa popanda vuto, amakonda malo oterewa. Kutentha kwa pafupifupi madigiri 37 ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimamusandutsa kuchoka ku timibulu n'kuyamba kutulutsa timizu tomwe timakanirira pa akiriliki ndi kulowerera pa khungu. Sikuti pansi pa mano pamatentha kuposa thupi ayi. Vuto ndi lakuti kufundako sikudukizidwa, ndipo munthu wogona ndi mano amachotsa ngakhale maola ochepa amene khungu likanapumako.

Kachilonda ka kumbuyo kaja kanachokeranso pomwepa. Thambo la m'kamwa ndi limodzi mwa malo amene amachenjeza munthu kuti chakumwa chatentha kwambiri. Likakutidwa ndi akiriliki chenjezolo limachedwa, tiyi n'kukafika pa khungu lofewa la kumbuyo asanazizire. Mwana wawo anavomereza kuti mayi ake amamwa tiyi amene ena onse m'nyumbamo sangamuyerekeze.

Kuyeza malovu

Tinawapempha kubweranso m'mawa, atakhala ola lathunthu osadya, osamwa, osatsuka m'kamwa. Anakhala chowerama pang'ono, mano atachotsa, n'kumalola malovu kugwera okha m'kakapu koyezedwa kale kulemera, osayamwa masaya kapena kuyendetsa lilime. Pa mphindi 15 tinapeza magalamu 1.2. Galamu imodzi ya malovu imawerengedwa ngati mililita imodzi, choncho ankatulutsa 0.08 ml pa mphindi. Munthu wabwinobwino amatulutsa pakati pa 0.3 ndi 0.4 ml pa mphindi atangokhala, ndipo 0.1 ml kapena kutsikirapo ndiye kuchepa kwa malovu kotsimikizika.

Kenaka anavala mano n'kutafuna kaphula kopanda kukoma kwa mphindi 5, ndipo tinapeza 3 ml, kutanthauza 0.6 ml pa mphindi. Izi n'zotsikabe, popeza malire amene ambiri amagwiritsa ntchito ndi 0.7 ml, koma zinatiuza chinthu chachikulu: tiziwalo totulutsa malovu tinali tamoyo, ndipo tikadzutsidwa tinkayankha. Tiziwalo tikawonongeka ndi makina owotchera khansa kapena ndi matenda a Sjögren (oumitsa m'kamwa ndi maso) amene akhalitsa, ngakhale munthu atafune bwanji malovu sawonjezeka kwenikweni. Apa chinalipo chimene chinkatitsekereza, ndipo chinafunika kuchipeza.

Pali chizolowezi chonena kuti m'kamwa mouma ndi ukalamba basi. Maganizo amenewa amavulaza odwala, chifukwa amatseka khomo lofufuzira. Zaka pazokha zimachepetsako malovu, koma kuchepa kofika apa nthawi zambiri kumachokera ku mankhwala ndi matenda. Amitriptyline ndi chlorpheniramine onse amatsekereza uthenga wa mitsempha umene umauza tiziwalo kuti titulutse malovu amadzimadzi, ndipo akamwedwa pamodzi mphamvuyo imaphatikizana. Hydrochlorothiazide amachotsa madzi m'thupi. Nthawi imene moto wa m'kamwa unayamba inagwirizana ndi nthawi imene amitriptyline anakwezedwa kufika 50 mg.

Kugwa kwa mano akumtunda kunali ndi gwero lomweli. Mano athunthu sakolekedwa paliponse. Chimawagwira ndi kamadzi kopyapyala ka malovu pakati pa akiriliki ndi khungu, pamodzi ndi m'mphepete motseka bwino moti mpweya sulowa. Zili ngati magalasi awiri okhala ndi dontho la madzi pakati: amatsetsereka koma salekana, ndipo madziwo akauma amangogwa. Malovu amene amagwira ntchitoyi kwambiri ndi onanda, ochokera m'tiziwalo ting'onoting'ono ta kumbuyo kwa thambo la m'kamwa. Akachepa, ngakhale mano opangidwa mwaluso chotani amagwedera. Tikanangotsatira kalata ija, mayiwa akanalandira mano atsopano ogwa ngati akale, opangidwanso pa chikombole cha nkhama zotupa, zimene zikaphwa mano amakhala aakulu.

Zotsatira za ku labotale

Tinapukuta padera mkati mwa mano ndi pa khungu. Candida albicans anamera wambiri kuchokera pa mano, wocheperapo kuchokera pa khungu. Zimakhala choncho kawirikawiri, ndipo n'chifukwa chake kuchiza khungu lokha osasamala za mano sikukhalitsa. Kudzuka usiku kukataya madzi, ludzu ndi kuotcha kwa mapazi zinatichititsa kupempha kuti ayezedwe shuga. Asanadye kanthu anapezeka ndi shuga wa 9.1 mmol/L, ndipo HbA1c, muyeso wa mmene shuga wakhalira m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, inali 8.4%. Matenda a shuga amatsimikizika kuyambira pa 7.0 mmol/L kapena 6.5%. Mayiwa anali asanauzidwepo kuti ali ndi shuga. Kuchuluka kwa magazi, ayironi, vitamini B12 ndi folate zinali bwino, HIV analibe, ndipo INR, muyeso wa mmene magazi akuchedwera kuundana, inali 2.4.

Apa zonse zinalumikizana. Shuga wosadziwika ayenera kuti ndiye ankawononga mitsempha ya m'mapazi, kuotcha kwa mapazi kunabweretsa amitriptyline, amitriptyline anaumitsa m'kamwa mwa munthu amene ankataya kale madzi ambiri pokodza, ndipo kuuma kunabweretsa maswiti ndi tiyi wa shuga, zimene zinkadyetsa fangasi, kuoletsa matsinde a mano ndi kukwezanso shuga m'magazi. Tsinde la dzino limayamba kusungunuka asidi akadali wochepa, pa pH ya pakati pa 6.2 ndi 6.7, pamene chikuto cholimba cha pamwamba chimapirira mpaka 5.5. M'kamwa mopanda malovu ofafaniza asidi, matsinde oonekera ndiwo amayamba kupita.

Chithandizo

Posankha mankhwala a fangasi, warfarin ndiye anatitsogolera. Miconazole wopaka m'kamwa ndi fluconazole wakumwa ndi amene ambiri amathamangira pa vutoli, koma onse awiri amalepheretsa chiwindi kuphwanya warfarin, INR n'kukwera mpaka munthu kutaya magazi moopsa. Ngakhale wopakayo amamezedwa ndipo amalowa m'magazi mokwanira kuchita zimenezi. Tinapereka nystatin wamadzi wa mayunitsi 100,000 pa mililita, 1 ml kanayi patsiku akatha kudya, mano atachotsa, kumusunga m'kamwa kwa mphindi zingapo asanameze, kwa masiku 14. Nystatin salowa m'magazi kwenikweni. Choipa chake n'chakuti wamadziyu amakhala ndi shuga, choncho tinateteza mano otsalawo tsiku lomwelo popaka vanishi ya fluoride ya 22,600 ppm m'matsinde ndi kupereka mankhwala otsukira a 5,000 ppm. M'ngodya za milomo ankapaka nystatin wamafuta.

Kasamalidwe ka mano oikirira tinakaonetsa pamaso pa mayiwo ndi mwana wawo, osati kungofotokoza. Mano achotsedwe akatha kudya ndiponso pogona, atsukidwe ndi mswachi wofewa ndi sopo wamadzi wopanda fungo, pamwamba pa beseni la madzi kuti akapulumuka asasweke. Mankhwala wamba otsukira mano ali ndi timchenga tokwecha, ndipo mkwingwirima uliwonse pa akiriliki umasanduka pobisalira fangasi. Madzi owira amapinditsa akiriliki, moti mwina ena mwa magwedegwede aja anachokera kumeneko. Mano akumtunda, popeza alibe chitsulo, aziviikidwa mu sodium hypochlorite (mankhwala oyeretsera a mtundu wa jiki) wa 0.5% kwa mphindi 10 zokha patsiku, chifukwa akakhalitsamo amayezuka mtundu ndi kufooka. Akumunsi sangalowe m'menemo poti timawaya tingadyeke, choncho aziviikidwa mu chlorhexidine (mankhwala opha tizilombo) wa 0.2% kwa mphindi 15. Onse azitsukuluzidwa bwino asanavalidwe. Chlorhexidine akakumana ndi nystatin onse amachepa mphamvu, ndiye tinawauza kuti pazidutsa theka la ola kuchokera pamene amwa nystatin kufika povala mano akumunsi. Usiku mano azigona m'madzi oyera ozizira, osinthidwa tsiku lililonse.

Pa zonsezi, chovuta kwambiri kwa odwala ndi kuchotsa mano usiku, ndipo n'chimene chimathandiza kuposa zina. Malovu amachepa okha munthu akagona, choncho usiku ndi pamene pansi pa mano pamakhala popanda chotsuka chilichonse. Ngozi yogona ndi mano siithera m'kamwa. Kafukufuku wa ku Tokyo wofalitsidwa mu 2015, amene anatsatira anthu 524 a zaka 85 kupita m'tsogolo kwa zaka zitatu, anapeza kuti ogona ndi mano oikirira ankadwala chibayo kuwirikiza pafupifupi 2.3 poyerekeza ndi owachotsa.

Maswiti ndi shuga wa mu tiyi tinawaletsa, n'kuwalangiza kumwa madzi pang'onopang'ono, kuyamwa timibulu topanda shuga tokhala ndi xylitol, ndi kupaka jelo wonyowetsa m'kamwa pogona ndiponso mkati mwa mano asanawavale. Timibulu towawasa ta mandimu timatulutsadi malovu, koma kwa munthu wa matsinde oola asidi wake amawononga kuposa mmene amathandizira. Mankhwala ochukucha okhala ndi mowa amaumitsanso. Pa tiyi, malangizo anali akuti aziyamba amuyesa ndi mlomo asanamwe.

Mankhwala a mtima ndi a mitsempha si a dokotala wa mano kuwasintha, ndiye tinalembera dokotala wawo n'kuikamo manambala a malovu ndi a shuga. Iye anawayambitsa metformin wa shuga, anatsitsa amitriptyline pang'onopang'ono kwa milungu ingapo n'kuika gabapentin m'malo mwake, ndipo anawaletsa chlorpheniramine. Hydrochlorothiazide anamusiya monga analili popeza magazi ankayenda bwino. Amitriptyline sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo odwala ayenera kuuzidwa zimenezi momveka, chifukwa ena akangomva kuti mankhwala akuti ndiwo akuumitsa m'kamwa amawataya tsiku lomwelo.

Mmene zinayendera

Patatha milungu iwiri ming'alu ya m'ngodya inali itatseka, koma thambo la m'kamwa linali lofiirabe kuposa mmene tinkayembekezera. Titafunsa modekha, mayiwo anati mano akumunsi amachotsa, koma akumtunda ayi, chifukwa sakufuna kuti aliyense m'nyumbamo awaone opanda mano. Manyazi amenewa si nkhani yaing'ono kwa munthu amene wavala mano zaka 11, ndipo kumukalipira sikumusintha. Tinagwirizana kuti azikhala ndi kachitini kotsekera, kosaonekera mkati, pafupi ndi bedi, azichotsa mano nyali ikazimitsidwa ndi kuwavala asanatuluke m'chipinda. Nystatin tinamuwonjezera masiku 7.

Pa mlungu wa 6 kufiira kunali kutatha, kupatula kadera kakang'ono pamene mano opindika aja ankakhula. Tinapala mkati mwake n'kuikamo chofewa chosakhalitsa chopumitsa nkhama. Chofewachi chili ndi timabowo ndipo chimagwira fangasi msanga, choncho tinkachisintha mlungu uliwonse, ndipo nthawi imeneyi hypochlorite ndi mswachi zinaimitsidwa pa mbali yamkatiyo kuti chisawonongeke. Malovu atangokhala anali atafika 0.14 ml pa mphindi.

Pa mwezi wachitatu anafika 0.2 ml pa mphindi, HbA1c inatsika kufika 7.1%, ndipo usiku ankadzuka kamodzi. Khungu litakhala lapinki ndi lolimba kwa milungu iwiri yotsatizana, m'pamene tinatenga chikombole. Mano atsopano anabwezeretsa kutalika kwa nsagwada, mpata wopumira n'kukhala 3 mm, ndipo makwinya a m'ngodya anachepa. Tinaganizirapo zopanga thambo lachitsulo, limene limadutsitsa kutentha ndipo ndi losalala, koma ndi lolemerako, ndi lovuta kuliwonjezera mkati nkhama zikaphwa, ndiponso silingaviikidwe mu hypochlorite. Kwa munthu wa malovu ochepa amene mano ake amafunika kugwira ndi mphamvu yochepa yomwe ilipo, tinaona kuti akiriliki ndiye woyenera. Matsinde atatu oola aja tinawamata ndi glass ionomer, amene amatulutsa fluoride pang'onopang'ono ndipo amagwira pa tsinde, ngakhale kuti m'kamwa mouma amatha kung'aluka, moti afunika kuwayang'ana ulendo uliwonse.

Pa mwezi wa 6 timadontho tofiira ta gulu loyamba tinaonekanso pakati pa thambo, atadwala chifuwa kwa mlungu umodzi n'kumagona ndi mano. Timadonthoto tinatha patatha masiku 10 atabwerera ku kasamalidwe kaja, popanda mankhwala a fangasi. Mano akumtunda akugwira popanda zomatira, ndipo chakudya chouma akumeza bwinoko. Malovu sanafike pa mlingo wa munthu wabwinobwino, ndipo kunsonga kwa lilime kukuotchabe pang'ono madzulo ngakhale khungu likuoneka labwino ndipo fangasi sanamerenso pa kuyeza komaliza. Kuotcha kotsalaku tikukuona ngati kwa mitsempha, kofanana ndi kwa m'mapazi, ndipo tadziwitsa dokotala wawo. Tapemphanso kuti B12 aziyezedwa chaka ndi chaka, popeza metformin akamwedwa nthawi yaitali amamuchepetsa, ndipo kuchepa kwakeko kumaotchanso lilime. Azibwera miyezi itatu iliyonse kudzapakidwa fluoride ndi kudzayezedwa malovu, ndipo akadzayamba kuuma maso kapena malovu akadzatsikanso shuga ali bwino, adzayezedwa magazi a anti-Ro pofufuza matenda a Sjögren.